Mwana wa malemu achimwene wayamba kunditchula kuti ankolo

Bambo a Yohane, Bangula:
Abale, mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo, ndipo ndikupempha makamaka aphunzitsi amene ali pagulu pano kuti andimasulire. Achimwene anga aakulu anamwalira mwana wawo ali ndi zaka ziwiri. Patapita nthawi mayi ake anabwerera kwawo n'kukakwatiwanso, mwanayo anatsala ndi ine. Ndamulera ndine, mphasa imodzi ndi ana anga, mbale imodzi. Kuno anthu amandiitanira dzina lake chifukwa iye ndiye wamkulu m'nyumba mwanga. Chiyambire kuyankhula amati "ababa". Sabata yatha wabwera kuchokera kusukulu, ali sitandade 6, waima pakhomo n'kunena kuti, "Ankolo, akuti mawa tipite ndi ndalama ya mayeso." Ndinacheuka kuona ngati kumbuyo kwanga kwaima mlendo. Usiku atagona ndinatsegula kope lake la Chingerezi. Anawauza kuti alembe za banja lawo, iye analemba kuti "I live with my small father." Aphunzitsi anadula mawu awiri omalizawo ndi cholembera chofiira n'kulemba pamwamba pake kuti "uncle". Funso langa ndi ili: mawu amenewa kwenikweni amatanthauza chiyani? Ine chikulire ndimadziwa kuti ankolo ndi amalume. Kodi ine ndine malume wa mwana wa achimwene anga?

Mphunzitsi wopuma, Ngabu:
Pepani achimwene, ndamva mmene zakukhudzirani. Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo aphunzitsi anzangawo: pa Chingerezi sanalakwe. Mwana akalemba "small father" pa mayeso a sitandade 8 amuchotsera malikisi, chifukwa mzungu akamva mawu amenewo amaganiza za bambo wamfupi msinkhu. Mawu akuti uncle amanyamula anthu anayi pakamodzi. Mchimwene wa bambo ako ndi uncle. Mlongo wa mayi ako, amene ife timati amalume kapena atsibweni, ndi uncle. Mwamuna wa azakhali ako ndi uncle. Mwamuna wa mayi ako aang'ono kapena aakulu ndi uncle. Alibe nazo kanthu kuti munthuyo ndi wakuchimuna kapena wakuchikazi, wamagazi kapena wobwera ndi ukwati. Akafuna kusiyanitsa amachita kuwonjezera mawu ena, paternal uncle kwa wa mbali ya bambo, maternal uncle kwa wa mbali ya mayi, kapena amangonena momveka kuti my father's brother. Ndiye inu pa Chingerezi ndinu uncle wake, koma simuli malume wake. Vuto ndi lakuti ife titabwereka mawuwa tinayamba kuwamasulira kuti malume basi, pomwe thumba lake ndi lalikulu kuposa apo.

Make Chisomo, Nchalo:
Aphunzitsi, ndiye kuti azungu sasiyanitsa malume ndi bambo aang'ono? Nanga mwana wamkazi akafuna kukwatiwa, mnyamata amakaonekera kwa ndani?

Mphunzitsi wopuma, Ngabu:
Kwawoko nkhani ya ukwati imathera kwa awiriwo ndi makolo awo owabereka. Uncle alibe mpando wake pa mwambo ngati mmene alili malume kwathu. Chiyankhulo chimasunga mawu a zinthu zimene eni ake amazigwiritsa ntchito. Ife tili ndi mawu osiyana chifukwa ntchito za anthu awiriwa ndi zosiyana.

Bambo a Yohane, Bangula:
Apo ndamva. Koma chimene chikundiwawa si mayeso ayi. Pa pepala alembe zimene akufuna aphunzitsi. Koma wabweretsa mawuwo m'nyumba. Kwathu ife Asena mwana wa mbale wako ndi mwana wako, palibe kukambirana. Malowolo a mayi ake anaperekedwa ndi banja lathu, ng'ombe ina inachoka m'khola la bambo athu ine ndikuona. Mwanayu ndi wa pakhomo pano. Tsiku lina akadzafuna kukwatira, amene ndidzakhale pa mphasa kukamba za malowolo ndine. Ankolo ndi munthu amene amabwera pa Khirisimasi ndi buledi n'kubwerera madzulo.

Nyakwawa, East Bank:
Bambo a Yohane, mawu anu omalizawo ndiwakonze pang'ono, chifukwa kwa ife Amang'anja malume si mlendo wa pa Khirisimasi. Malume ndiye mwini mbumba. Mwamuna amabwera pachikamwini, amamanga nyumba pamudzi wa mkazi, koma ana akadwala kwambiri, akapalamula mlandu, akafuna banja, uthenga umathamangira kwa malume. Ufumu umene ndili nawowu ndinalandira kwa amalume anga, sunachokere kwa bambo anga. Ndiye taonani mmene chigwa chathu chilili: kuyambira ku Chapananga mpaka ku Marka tasakanikirana, Msena wakwatira Mmang'anja, ana akukula pakati pa miyambo iwiri. Munthu akabwera pabwalo langa n'kunena kuti "ankolo anga ndiwo anandipatsa mundawu", ine ndimaimitsa kaye mlandu. Ndimafunsa kuti ankolo ake ati, obadwa ndi mayi ako kapena obadwa ndi bambo ako? Yankho la funso limenelo ndilo limasonyeza ngati woperekayo anali ndi mphamvu pa dothi limenelo. Chaka chathachi anyamata awiri analimbirana dimba la m'mbali mwa Shire, aliyense akuti ankolo anamusiyira, ndipo ankanena munthu mmodzi yemweyo. Kwa wina anali malume, kwa winayo anali mwamuna wa azakhali ake chabe. Akanayankhula Chichewa kuchokera pachiyambi sakanafika pogwirana malaya.

Wakabaza, Dyeratu:
Mafumu, ndi ulemu wonse, ine ndiimire kumbali ya mawuwa. Pa siteji pano popanda "ankolo" ntchito siyenda. Munthu watsika minibasi yochokera ku Blantyre, sindikumudziwa. Ndikati "madala" akwiya kuti ndamukalambitsa. Ndikati "achimwene" pomwe ali ndi imvi ndiye kuti ndamupeputsa. "Bwana" ena amaona ngati ukuwanyengerera kuti uwadule mtengo. Koma ndikati "ankolo, tikusiyeni kuboma?" aliyense amamwetulira. Amayi nawo timati "anti". Mawuwa ali pakatikati, ali ndi ulemu komanso amamuyandikitsa munthu. Sindikuona cholakwika.

Tiyamike, Chikwawa Boma:
Achimwene akabaza akunena zoona, ndipo ine ndikuganiza kuti pali chifukwa chimene mawuwa anakhazikikira msanga pakamwa pathu. Tamverani mmene amayambira: a-nkolo, a-nti. Khutu la Mmalawi limamva "a" waulemu uja wa agogo, amayi, abambo, aphunzitsi. Pa Chingerezi "a" ameneyo kulibe, ndi kamvekedwe chabe ka chiyambi cha mawuwo, koma kwa ife anafika atavala kale ulemu. N'chifukwa chake timati "ankolo abwera", sitinena kuti "ankolo wabwera". Mawu ngati cousin sanapeze mwayi umenewo, timachita kuwaveka tokha kuti akazeni.

Make Chisomo, Nchalo:
Ine mawu amenewa ndimawaopa, ndipo ndinena poyera ngakhale ena sakonda. Kuno ku Nchalo nyengo yodula nzimbe kumadzaza anthu ochokera kutali, m'malaini a lendi simudziwa kuti khomo linalo mukugona ndani. Ana athu tawaphunzitsa kuti mwamuna aliyense wamkulu ndi ankolo. Mwana wa zaka zisanu amadziwa kuti ankolo ndi m'bale, ndiye munthu wachilendo akamuitana kuti "bwera kwa ankolo ndikugulire fulizesi", mwanayo akana bwanji? Wanga ndinamukhazika pansi n'kumuwerengera ndi zala: amalume ako ndi awiri, uyu ndi uyu. Bambo ako aang'ono ndi mmodzi. Ena onse upereke moni mwaulemu koma usalowe m'nyumba mwawo. China, tisanamizane amayi anzanga, alipo ena amene mwamuna wobwera usiku amauza ana kuti "awa ndi ankolo anu". Mwana amakula akudziwa kuti mawu amenewa amaphimba zinthu. Ndiye bambo a Yohane akamva kuwawa kutchulidwa dzina lomwelo, ine ndikuwamvetsa.

Wakabaza, Dyeratu:
Apo amayi mwanena zoona, sindingatsutse. Ine ndimanena za pamsewu chabe.

Wa ku Marka, ali ku Johannesburg:
Moni kumudzi. Ine ndinakulira m'malire, tsidya linalo ku Mozambique amati tio, ndipo amagwiritsa ntchito chimodzimodzi ndi uncle, mbali zonse ziwiri, ngakhalenso munthu wamkulu wongokumana naye pamsika. Kuno ku Joni Mabunu amati oom kwa bambo aliyense wachikulire. Koma Azulu amati umalume, ndipo ndi mlongo wa mayi basi, ngati kwathu. Mchimwene wa bambo amamutchula ndi mawu a bambo. Anzanga a ku Zimbabwe amene ndimagwira nawo ntchito amati babamunini ndi babamukuru, ndendende bambo aang'ono ndi bambo aakulu. Ndiye mwana uja polemba "small father" sanapeke zachilendo. Anthu a mayiko onse ano amaganiza choncho, kungoti Chingerezi chilibe malo oikapo ganizo limenelo.

Tiyamike, Chikwawa Boma:
Chinali nawo malowo kale, chinachita kutaya. Izi tinaphunzira m'kalasi ya mbiri ya chiyankhulo ndipo zinandidabwitsa. Chingerezi chakale chinali ndi mawu awiri: eam anali mlongo wa mayi, faedera anali mchimwene wa bambo, ndipo mukuona kuti mawu achiwiriwo akuchokera ku mawu a bambo. Oom amene mukumva ku Joniyo ndi m'bale wake wa eam. Anthu a ku Normandy, dera la ku France, atagonjetsa England mu 1066, Chifalansa chinalowa kwambiri m'Chingerezi, ndipo mawu a Chifalansa akuti oncle anadzakankha awiri aja. Tsono oncle anachokera ku Chilatini, avunculus, ndipo kwa Aroma avunculus anali malume yekha. Mchimwene wa bambo ankamutchula kuti patruus. Ndiye bambo a Yohane pamene mumati ankolo ndi amalume, mwagwirizana ndi eni ake oyambirira a mawuwo. Kumasulira kwake kwa avunculus ndi "agogo aang'ono", kuchokera ku avus, agogo aamuna.

Wa ku Marka, ali ku Johannesburg:
Achemwali, zimenezo zandikumbutsa. Mashona malume amamutchula kuti sekuru, mawu omwewo amene amatchulira agogo aamuna. Ndinkadabwa nazo kuti zimatheka bwanji.

Mphunzitsi wopuma, Ngabu:
Mwana wanga Tiyamike, zikomo, zimenezo ngakhale ine sindinkaziphunzitsa. Ndikanazidziwa ndili pa choko ndikanawauza ana kuti mawu athu si osalongosoka ayi. Ndionjezere za kalembedwe kuti makolo muthandize ana pa homuweki. Amati an uncle, osati a uncle. Likakhala patsogolo pa dzina limayamba ndi chilembo chachikulu, ndipo azungu amaliphatikiza ndi dzina loyamba la munthu, Uncle John, zimene kwa ife zimamveka zachipongwe kutchula wamkulu dzina lake. Mchimwene wa agogo ndi great-uncle. Mwana wamwamuna wa m'bale wako ndi nephew, wamkazi ndi niece. Ndipo ana a bambo aang'ono, amene ife timati achimwene ndi achemwali, iwo amawaika thumba limodzi ndi asuweni, onse ndi cousin. Apa ndi pamene ana athu anapangira mawu akuti cousin brother, pofuna kunena kuti uyu si msuweni wongoseka naye, ndi m'bale weniweni. Pa mayeso mawu amenewonso amadulidwa.

Agogo a Mphatso, Makhanga:
Ndalembetsa mdzukulu wanga, maso anga saona bwino pafoni. Ine mawu a nephew ndinawadziwira ku kampu. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwa, madzi a Ruo ndi Shire anatizinga, tinatuluka ndi zovala za m'thupi. Kumene tinakasungidwa kunabwera anyamata ndi mafomu kudzalemba mabanja. Ndinaima pamzere kuyambira m'mawa, dzuwa la kuno mukulidziwa. Nditafika patebulo anandifunsa kuti muli ndi ana angati, ndinati asanu ndi mmodzi. Mnyamatayo anayang'ana makadi n'kufunsa kuti, "Onsewa munabereka nokha?" Ndinati awiri ndi a malemu mng'ono wanga, koma ndi anga. Iye anati ayi, amenewo si ana anu, apa tilemba nephew ndi niece. Ananena mokweza ana aja ataima pambali panga, wamng'onoyo atagwira chitenje changa. Ufa tinalandira wokwanira anthu onse, sindikudandaula za ufa. Koma usiku umenewo m'tenti mtsikanayo anandifunsa kuti, "Amayi, ndiye ife ndife a ndani?" Anali asanafunsepo funso limenelo chimwalirire mayi ake. Bambo a Yohane, mwana wanuyo musamukalipire. Mufunseni bwinobwino chimene wamva.

Make Chisomo, Nchalo:
Agogo, mwandiliza. Pepani ndithu.

Mlangizi wa zamalamulo, Nsanje Boma:
Pepani agogo. Wolemba fomu uja akanatha kulemba zimene fomu ikufuna osanena mawu akuti "si ana anu". Koma ndikupempheni nonse kuti pa mapepala muzinena zenizeni za kubadwa kwa mwana, chifukwa lamulo limawerenga mawu mwa Chingerezi, osati mwa kumudzi. Bambo a Yohane, izi zikukukhudzani kwambiri. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, Deceased Estates Act, limati munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kupindula ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ake. Mwana amene limamudziwa ndi wobereka kapena amene munamutenga kudzera kukhothi. Mwana wa achimwene amene mukumulera popanda mapepala angalowe ngati wodalira inu, ngati ali wamng'ono ndipo mumamulipirira sukulu, koma akakula mwayi umenewo umachepa. Ngati mukufuna kuti Yohane adzagawane mofanana ndi ana anu enawo, lembani wilo, mumutchule dzina, musaine pamaso pa mboni ziwiri. Lamulo lomwelo linaletsa kulanda chuma cha masiye, ndipo kunena zoona milandu yambiri imene imafika patebulo langa olanda amakhala omwe ana amawatchula kuti ankolo, a mbali zonse ziwiri. Munthu amakumbuka kuti ndi bambo wamng'ono kapena mwini mbumba pa tsiku logawa ng'ombe, koma pa tsiku la fizi foni yake siipezeka.

Nyakwawa, East Bank:
Alangizi, zimenezo zimachitika, sindikana. Koma musaiwale kuti amene akulera ana amasiye m'midzi muno ndi anthu omwewo, ndipo ndi ambiri kuposa olanda, kungoti olera safika kuofesi kwanu. Udindo umayenda ndi dzina. Ukamutchula munthu kuti malume wamukumbutsa ngongole imene ali nayo kwa mbumba yake. Ukamutchula kuti bambo wamusenzetsa mwana. Ankolo sasenza kanthu, n'chifukwa chake anyamata a masiku ano amalikonda. Ine pa maliro ndi pa chinkhoswe ndimakana kuti wolengeza anene kuti "tsopano ayankhule ankolo". Anene kuti ayankhule amalume, kapena ayankhule bambo aang'ono, anthu adziwe kuti mawu akuchokera mbali iti.

Tiyamike, Chikwawa Boma:
Mafumu, ife achinyamata sikuti timathawa udindo tonse. Ambiri tinakulira m'tauni, makolo sanatiuze kusiyana kwake. Ine ndinadziwa ndili fomu 2 kuti amene ndinkawatchula kuti ankolo a ku Ngabu ndi bambo anga aakulu, ndipo ana awo si asuweni anga. Anandiuza ndi agogo pa maliro, atandimva ndikunena kuti kazeni. Amene anayamba kutiuza kuti "pereka moni kwa ankolo" ndi makolo omwe.

Mphunzitsi wopuma, Ngabu:
Mwanayu wanena zoona, ndipo ife aphunzitsi tili ndi gawo lathu. Cholembera chofiira chimadula msanga kuposa mmene pakamwa pamafotokozera. M'kalasi ya ana oposa 100 mphunzitsi amachonga makope mothamanga, sapeza mpata womuitana mwana n'kumuuza kuti zimene walembazi ndi zoona, koma pa Chingerezi timazinena motere. Chiganizo chimene ndikanamupatsa Yohane ndi ichi: "I live with my father's younger brother, who is a father to me." Palibe woyesa mayeso angachidule, ndipo mwanayo sanataye kanthu. Achimwene, mulembereni chimenechi kuchikuto kwa kope lake.

Bambo a Yohane, Bangula:
Abale, zikomo nonse. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinatsatira malangizo a agogo a ku Makhanga. Madzulo ano ndinamutenga kuti tikatsekere mbuzi awiriwiri, ndipo tili kukhola ndinamufunsa kuti mawu aja anawatenga kuti. Anakhala chete nthawi yaitali akusewera ndi chingwe. Kenako anati tsiku limene anabweza makope, mnzake wokhala naye desiki anaona chofiira chija n'kuyamba kuuza ena kuti Yohane alibe bambo, amakhala kwa ankolo ake. Pa buleki anamuzungulira kumufunsa kuti bambo ako enieni ali kuti. Iye akuti anaganiza kuti mwina wakhala akulakwitsa zaka zonsezi, ndipo mwina ine ndimangomupirira akamati ababa. Mwana wa zaka 12 wasenza zimenezi sabata yathunthu, ine ndili kalikiliki kudandaula za ine mwini.

Ndamuuza zonse, za bambo ake omubereka, mmene ankakokera ukonde ku Chiromo, mmene anandinyamulira pamsana kupita nane kuchipatala ndili wamng'ono, ndi mawu amene anandisiyira akudwala. Zina anali asanazimvepo chifukwa ndinkaopa kumukumbutsa. Wapempha kuti akaone manda, ndiye Loweruka ndikapempha chilolezo kwa amfumu kuti tipite. Aphunzitsi a ku Ngabu, chiganizo chanu chija wakopera yekha ndi dzanja lake. Lolemba ndipita kusukulu kukacheza ndi aphunzitsi ake, osati kukakangana, koma kuti adziwe zimene zinachitika pa buleki. Alangizi, za wilo ndikufuna tikambirane, ndibwera kuboma mwezi ukatha ndikagulitsa thonje.

Mlangizi wa zamalamulo, Nsanje Boma:
Bwerani bambo. Mutenge chiphaso chanu cha unzika, mayina onse a ana ndi masiku awo obadwa, komanso muganizire anthu awiri oti adzakhale mboni, asakhale mwa amene adzalandire chumacho.

Agogo a Mphatso, Makhanga:
Popita kumandako mutengenso ana anu enawo, asapite yekha. Amene agona pamenepowo ndi bambo awo aakulu.